Kugoneka Makhadi Abwino: Phunziro la Chiyankhulo cha Njuga

1. Chiyambi

Ndinakulira m'komboni ya esiteti ina ya tiyi m'boma la Thyolo, dera lomwe mayina monga Satemwa, Naming'omba, Makandi, Makwasa ndi Nchima amatchulidwa ngati mayina a midzi. Amayi anga anayamba kuthyola masamba ine ndisanabadwe, ndipo mpaka lero dengu likadali kumsana kwawo. Tsiku la malipiro likafika, komboni yathu inkasintha nkhope. Ogulitsa kaunjika ndi usipa ankabwera, angongole ankaima pafupi ndi ofesi, ndipo kuseri, pansi pa mitengo ya bulugama, amuna ankayala thumba n'kuyamba kutchova njuga.

Pakati pa amunawo pankakhala malume anga, omwe anali mlonda wa pafakitale. Anzawo ankawaseka kuti ndi amantha chifukwa nthawi zina ankaika makhadi abwino pansi chafufumimba n'kungopinda manja, ena akupitiriza kuponya ndalama. Koma dzuwa likamalowa, mwa amuna onse aja iwo ndi omwe kawirikawiri ankafika kunyumba ndi ndalama ya ufa.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kufufuza funso limodzi: kodi munthu amene wagwira makhadi amphamvu pa masewera a poker a pa intaneti amadziwa bwanji kuti nthawi yowasiya yakwana? Ndiyesa kuonetsa kuti yankho lake lili m'zinthu ziwiri, kumva chiyankhulo cha mnzako ndi kuwerengera mtengo wa kukana kumumva. Chitsanzo chomwe ndigwiritse ntchito ndi changa chomwe, ndipo ndinachigula modula.

2. Mawu ndi kaseweredwe

Anzanga a kukoleji amangoti "kufoda", kuchokera ku mawu a Chingerezi. Ine ndasankha mneni yemwe malume ankagwiritsa ntchito, "kugoneka". Mneniyu amachokera ku "gona", monga momwe "imika" amachokera ku "ima", ndipo msintho wake umatanthauza kuika chinthu m'kakhalidwe kena mwadala. Mayi amagoneka mwana, sam'taya. Tikanati "kutaya makhadi" kapena "kugonja", tikanalowetsa manyazi m'mawu momwemo, ndipo m'munsimu tiona kuti manyazi ndi amene amadyetsa anthu ndalama.

Mtundu wa poker womwe umaseweredwa kwambiri pa intaneti ndi Texas Hold'em. Pamakhala makhadi 52 a mitundu inayi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi makhadi 13. Wosewera aliyense amalandira makhadi awiri obisika. Kenaka pakati pa tebulo pamavundukulidwa makhadi asanu a onse: atatu nthawi imodzi, lachinayi palokha, lachisanu palokhanso. Pa sitepe iliyonse osewera amabetcha, ndipo ndalama zonse zimaunjikana pamalo amodzi omwe tiwatchule kuti mphika. Mnzako akabetcha, uli ndi njira zitatu: kuvomera poponya ndalama yofanana ndi yake, kukweza poponya yoposa yake, kapena kugoneka makhadi n'kusiya zonse zomwe unaponya kale.

Pamapeto, amene wapanga makhadi asanu apamwamba kuchokera pa awiri ake ndi asanu a patebulo ndiye amatenga mphika. Magulu ake alipo asanu ndi anayi. Kuyambira pansi ndi awa: khadi lalikulu lokha, awiri ofanana, mapeya awiri, atatu ofanana, asanu otsatizana, asanu a mtundu umodzi, atatu ofanana pamodzi ndi awiri ofanana, anayi ofanana, ndipo pamwamba penipeni asanu otsatizana a mtundu umodzi.

Masewerawa anayamba kuseweredwa ndi ndalama zenizeni pa intaneti mu 1998. Anatchuka kwambiri mu 2003 pamene Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku America yemwe anapeza mwayi wolowa mpikisano kudzera pa intaneti, anapambana madola 2.5 miliyoni pa World Series of Poker ku Las Vegas. Kuno kwathu njira inatseguka ndi ndalama za pafoni. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo kuchokera pamenepo thumba la pansi pa bulugama lija linalowa m'thumba la buluku. Amalawi ambiri amabetcha pa mpira ndi pa kandege, ndipo poker ndi ya ochepa. Komabe funso lake ndi limodzi kwa onsewa: usiye liti?

3. Kubetcha ndi kuyankhula

M'buku lake la mu 1962, How to Do Things with Words, katswiri wa ku Oxford J. L. Austin anaonetsa kuti pali mawu ena omwe safotokoza chinthu koma amachita chinthucho. Mfumu ikati "ndakupatsa malo awa", malowo aperekedwa. Chimodzi mwa zitsanzo za Austin chinali kubetcha kumene. Munthu akati "ndabetcha", wadzimanga kale.

Katswiri wina, Paul Grice, mu 1975 anafotokoza momwe timamvera zinthu zomwe woyankhula sanazitchule. Mlendo akati "kunja kwada", mwininyumba amamva kuti akupempha malo ogona kapena womuperekeza. Timamva choncho chifukwa timaganiza kuti mnzathuyo ali ndi chifukwa chonenera zomwe wanena pa nthawi yomwe wazinena.

Pa tebulo la poker, kubetcha kulikonse ndi chiganizo. Wovomera akunena kuti, "Ndili ndi kanthu, koma sindinakhwime." Wokweza akunena kuti, "Ndakuposa." N'zoona kuti m'chiyankhulo chimenechi bodza ndi lololedwa, pakuti munthu atha kukweza alibe kanthu pofuna kukuopseza. Koma mosiyana ndi bodza la pabwalo, ili lili ndi mtengo. Wonama amayenera kuika ndalama zake pamoto, ndipo bodza likamakula mtengo wake umakulanso. N'chifukwa chake mawu odula kwambiri, onenedwa kumapeto ndi munthu yemwe wakhala chete nthawi yonse, kawirikawiri amakhala oona.

Pansi pa bulugama malume ankaona manja a mnzawo akunjenjemera, ankamva mpweya wake, ankadziwa ngati kunyumba kwake kuli matenda kapena ngongole. Pa intaneti zonsezi palibe. Chomwe chimatsala ndi kukula kwa ndalama yomwe mnzako waponya, nthawi yomwe waiponyera, ndi mbiri ya momwe wakhala akusewerera. Choncho wosewera pafoni ayenera kutchera khutu kuposa wa m'komboni, chikhalirecho masewera ake amathamanga kwambiri, moti amapatsidwa masekondi ochepa chabe kuti aganize.

4. Usiku womwe ndinakana kumva

Munali mu 2024, ndili chaka chachiwiri. Amayi anali atanditumizira ndalama ya chakudya ndi yosindikizira zolemba za m'kalasi. Mnzanga wa m'chipinda anali atandiphunzitsa poker miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo ndinali nditapambanako tindalama tochepa tomwe tinandipatsa mtima woti ndine katswiri.

Usiku umenewo ndinalandira ma A awiri, onse akuda. Awa ndiwo makhadi apamwamba kuposa onse poyambira. Pali njira 1,326 zomwe munthu angalandirire makhadi awiri, ndipo zisanu ndi imodzi zokha ndi zomwe zimapereka ma A awiri, kutanthauza kuti amabwera kamodzi pa maulendo 221. Mtima unagunda. Ndinakweza, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye anavomera. Ndinali nditasewera naye kwa ola lathunthu ndipo sindinamuonepo akuopseza munthu. Ankangovomera kapena kugoneka.

Makhadi atatu oyamba anali K wa mtima, 9 wa mtima ndi 4 wakuda. Ndinabetcha, iye anavomera. Lachinayi linali J wakuda. Ndinabetchanso, anavomeranso. Apa mumphika munali K20,000, theka lake langa. Khadi lomaliza linali 6 wa mtima. Ndinaponya K10,000. Munthu uja, yemwe usiku wonse anali asanakwezepo, anakweza kufika pa K40,000.

Chiganizo chake chinali chomveka ngati belu la kufakitale. Kawiri konse anandiuza kuti akudikira kanthu. Mtima wachitatu utagwa patebulo, anandiuza kuti chomwe ankadikiracho chafika. Ine ndinayang'ana ma A anga awiri, n'kuona kukongola kwawo, n'kuponya K30,000 yotsalayo. Anavundukula 10 ndi 8, onse a mtima. Ndi mitima itatu ya patebulo ija, anali ndi asanu a mtundu umodzi. M'mphindi zosakwana zitatu ndinataya K50,000. Chaka chimenecho boma linali litangokweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi, choncho ndalama yomwe ndinataya inaposa theka la thukuta la mwezi wathunthu la munthu ngati amayi anga.

5. Mphamvu ya makhadi imasintha

Cholakwa changa choyamba chinali kuganiza kuti mphamvu ya makhadi imakhala m'makhadimo. Ma A awiri akakumana ndi makhadi ena alionse a munthu mmodzi, patebulo pasanagwe kanthu, amapambana pafupifupi maulendo 85 pa 100. Akakumana ndi anthu asanu ndi anayi nthawi imodzi, amapambana pafupifupi maulendo 31 okha pa 100. Makhadi ndi omwewo, chasintha ndi malo omwe ali.

Chimodzimodzinso khadi lililonse logwa patebulo limasintha kulemera kwa zomwe uli nazo. Pofika kumapeto kwa masewera aja, ma A anga anali chabe awiri ofanana, gulu lachiwiri kuchokera pansi, ndipo magulu asanu ndi awiri anali pamwamba pake. Munthu wogwira mitima iwiri akanandiposa. Wogwira Q ndi 10 akanakhala ndi asanu otsatizana kuyambira 9 mpaka K. Wogwira K ndi J akanakhala ndi mapeya awiri. Ngakhale wogwira ma 4 awiri, makhadi onyozeka poyamba paja, akanakhala ndi atatu ofanana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wa tiyi amadziwa zimenezi bwino. Nsonga yomwe lero ndi masamba awiri ndi kamphukira, yofunika pasikelo, ikapitirira masiku ake imakhwima ndipo kapitawo amaibweza. Palibe wothyola amene amakangana ndi kapitawo ponena kuti tsambalo linali lanthete sabata yatha. Funso loyenera pa poker si lakuti, "Kodi makhadi angawa ndi abwino?" koma lakuti, "Mwa makhadi onse omwe munthu uyu angakweze nawo chonchi, ndi angati omwe ine ndikuwaposa?" Usiku uja yankho linali lakuti palibe, pokhapokha akanakhala kuti akunama.

6. Masamu a mphika

Pali kawerengedwe kapafupi komwe kamathandiza pa nthawi ngati imeneyi. Tenga ndalama yomwe ukufunika kuponya, uigawe ndi ndalama zonse zomwe zidzakhale mumphika iwe utaponya. Yankho lake ndi mlingo wa maulendo omwe uyenera kupambana kuti usaluze pakapita nthawi.

Pa chitsanzo changa, mumphika munali K20,000, kuphatikiza K10,000 yanga ndi K40,000 yake, zonse pamodzi K70,000. Ndinkafunika kuponya K30,000 kuti mphika ukwane K100,000. Choncho ndinayenera kukhala wopambana maulendo 30 pa 100 alionse. Popeza ndikanapambana pokhapokha iye akunama, funso linali lakuti: kodi munthu wofatsa uyu, pa maulendo khumi omwe angakweze chotere pa khadi lomaliza, anganame katatu? Ola lonse lomwe ndinamuona linkayankha kuti ayi. Kugoneka kukanandisiyira K30,000 m'foni.

Masamu omwewa amatichenjezanso kuti tisagoneke mwachisawawa. Tiyerekeze kuti mumphika muli K70,000 ndipo ukufunika kuponya K5,000 yokha. Apa uyenera kupambana kamodzi kokha pa maulendo 15, ndipo ngakhale munthu wofatsa amanama koposa pamenepo. Kugoneka pa mtengo wotere n'kutaya ndalama. Komanso ngati mnzakoyo ndi wopupuluma, wokweza pa chilichonse, mawu ake ndi otchipa ndipo ma A awiri ndi oyenera kuwagwiritsitsa. Wosewera amene amathawa nthawi iliyonse akaopsezedwa amadziwika msanga, ndipo anzake amayamba kumudyera masuku pamutu. Luso lili pa kusiyanitsa mawu odula ndi otchipa.

7. Chifukwa chiyani kugoneka kumavuta?

Ngati masamu ake ndi apafupi chonchi, n'chifukwa chiyani anthu ambiri, ine ndemwe, amalephera? Ndikuona zifukwa zitatu.

Choyamba ndi ndalama zomwe zalowa kale mumphika. Mumtima mwanga munkamveka mawu akuti, "Ndaponyamo kale K20,000, ndingaisiye bwanji?" Koma ndalama ikangolowa mumphika si yakonso. Ndi ya amene apambane. Akatswiri a maganizo Hal Arkes ndi Catherine Blumer anaonetsa mu 1985 kuti anthu amaumirira pa chinthu chifukwa choti anawonongerapo kale ndalama, ngakhale zikuoneka kuti kupitiriza kuwapweteka. Makolo athu anazinena mwachidule kuti madzi akatayika saoleka.

Chachiwiri ndi ululu wa kutaya. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, m'kafukufuku wawo wa mu 1979, anapeza kuti kutaya chinthu kumapweteka kwambiri kuposa momwe kupeza chinthu chofanana nacho kumasangalatsira, ndipo munthu woti wayang'anizana ndi kutaya kotsimikizika amalolera kuika zambiri pachiswe pofuna kukuzemba. Kugoneka ndi kutaya kotsimikizika. Kuvomera kumasiya kampata ka chiyembekezo, ndipo kampata kameneko ndinakagula pa K30,000.

Chachitatu ndi manyazi osakanikirana ndi chidwi. Ukagoneka, mnzako saonetsa makhadi ake. Umagona usiku wonse osadziwa ngati anakupusitsa. Anthu ambiri amalipira kuti angoona, kuopa kuti angatchedwe opusa ndi munthu yemwe sakumudziwa n'komwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Malume anali atazolowera kutchedwa amantha, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho chinali chuma chawo chachikulu pa thumba paja.

8. Mafunso anayi

Kuchokera pa zomwe takambiranazi, wosewera amene wagwira makhadi amphamvu ndipo mnzake wakweza ayenera kudzifunsa mafunso anayi asanakhudze foni.

Loyamba: khadi lomwe langogwali lasintha chiyani? Ngati labweretsa mtundu wachitatu wofanana patebulo, kapena lalumikiza manambala otsatizana, makhadi ako atsika mtengo ngakhale akuoneka chimodzimodzi. Munthu yemwe ali ndi makhadi anayi a mtundu umodzi atangovundukulidwa atatu oyamba aja amapeza lachisanu pafupifupi maulendo 35 pa 100 pofika kumapeto, choncho si chinthu chachilendo.

Lachiwiri: akuyankhulayu ndani? Kukweza kwa munthu wofatsa ndi kukweza kwa munthu wopupuluma ndi ziganizo ziwiri zosiyana, ngakhale ndalama yake ikhale yofanana.

Lachitatu: kodi nkhani yake ikugwirizana kuyambira poyamba? Kuvomera, kuvomeranso, kenaka kukweza pamene mtima wachitatu wagwa ndi nkhani yomveka bwino. Wonama nthawi zambiri nkhani yake imakhala ndi mfundo zosalumikizana.

Lachinayi: mtengo wake ndi wotani, ndipo ndalamayo ndi ya chiyani? Mbali yoyamba ya funsoli ndi masamu a mphika aja. Mbali yachiwiri masamu saidziwa. K30,000 ya munthu wolemera ndi K30,000 yochokera m'dengu la tiyi zimalembedwa mofanana pafoni, koma imodzi ikapita munthu amagona ndi njala. Amene akusewera ndi ndalama ya chakudya walakwitsa kale asanalandire khadi ndi limodzi lomwe.

9. Mawu omaliza

Pali mfundo ina yomwe sindingaisiye. Pansi pa bulugama ndalama zinkangozungulira pakati pa amuna a m'komboni. Pa intaneti mwini tsamba amatapako kagawo pa miphika yomwe yaseweredwa, usana ndi usiku. Choncho osewera onse tikawaphatikiza pamodzi amatuluka ndi ndalama zochepa kuposa zomwe analowa nazo, ndipo kuti munthu apindule ayenera kuposa anzake ndi mlingo woposa kagawo kameneko. Lamulo la mu 2022 lomwe linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority limayang'anira makampani a njuga ndipo ana osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha, koma palibe lamulo lomwe lingagwire dzanja la munthu wa zaka 20 pakati pa usiku m'chipinda chake.

Mwezi umene uja ndinaumaliza ndi ngongole komanso chakudya cha kamodzi patsiku. Nditapita kutchuthi inali nyengo yachisanu, pamene minda ina imadulidwa mpaka kutsala zitsa zokhazokha kuti idzaphuke bwino mvula ikagwa. Ndinawauza amayi zonse tili pakhonde. Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Munthu anakudyerayo unamuona nkhope?" Ndinati, "Ayi, amayi." Iwo anati, "Ndiye ukapita kusukulu uzikandiuza tsiku lomwe ufa watha, ndizikutumizira ufawo." Kuchokera tsiku limenelo sanatchulenso nkhaniyi, ndipo kwa chaka chathunthu sananditumizirenso ndalama pafoni. Ankapatsira munthu thumba la ufa ndi nyemba pa minibasi ya ku Limbe.

Malume atamva anandiitana kunyumba kwawo. Ndinawajambulira makhadi aja pansi ndi kamtengo, mmodzi mmodzi, monga momwe anagwera. Poker sanaisewerepo, koma nditafika pa mtima wachitatu ndi kukweza kuja anandigwira mkono. "Mphwanga, munthuyu anakuuza. Iwe unkamvera makhadi ako, osati iyeyo." Ndinawafunsa ngati pa zaka zonse zija sanagonekepo makhadi omwe akanapambana. Anaseka n'kunena kuti mwina kambirimbiri, koma sanafunsepo kuti aone, chifukwa kuona kumeneko n'kolipira.

Akaunti ija ndinaitseka sabata yomweyo. Pa nthawiyo, tikaphatikiza zonse, ndinali ndisanaluze zambiri kuposa zomwe ndinapambanapo m'miyezi ya m'mbuyo, ndipo mnzanga wa m'chipinda anandiuza kuti ndikusiya masewera omwe ndinali nditayamba kuwadziwa. Mwina ankanena zoona. Ndinawerengera mtengo wofuna kudziwa ngati ankanenadi zoona, ndipo ndinapeza kuti woulipira akanakhala amayi.